Ulusi Wofiira pa Fodya wa Bambo Anga

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, ndi inu anzanga mwabisala kumbuyoko, ndakulonjerani m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni. Ena mukudabwa kuti Fatsani waima kutsogolo kuno popanda womuitana kudzayankha mlandu. Musadandaule, mlandu ulipo. Zonse ndinayambitsa ndine, ndipo ndineneretu kuti sindinabwere kudzapepesa.

Bambo anga ndi awo akhala apo, avala magalasi akuda. Ndife matenanti pa esiteti ina kuseri kwa Mavwere. Pa nkhani yosankha fodya mukuwadziwa. Tsamba lililonse amaliyang'ana mtundu, kutalika ndi mawanga asanalimange pamodzi ndi anzake kukhala ndindi. Chikhalire mawu awo ndi amodzi, akuti ndindi ya lero ipose ya dzulo.

Chaka chatha belo lawo limodzi linabwezedwa ku okushoni, akuti masamba anali osakaniza. Belo limodzi, abale. Kuyambira pamenepo bambo sanakhalenso bwino. Anati dzanja lawo lachita ulesi, liyenera kuphunziranso.

Chaka chino fodya atauma m'chigafa, kuphunzirako kunayamba. Amasankha, amamanga, mawa lake amamasula zonse n'kuyambiranso. Kumanga, kumasula. Kumanga, kumasula. Alimi muli muno mukudziwa kuti fodya wouma safuna kugwiragwira, amanyenyeka. Amayi ankasesa zinyenyeswa n'kukazitaya kuseri mwakachetechete. Fodya amene tinawokera ndi kupalira mvula ili pamsana ankatha ndi tsache. Bambo anasiya kubwera kuno. Chakudya chinkawatsatira m'chigafa n'kubwerako chosakhudzidwa. Anawonda mpaka lamba anamuboola kabowo kena ndi msomali.

Kapitawo anabwera n'kuima pakhomo la chigafa. Anati, "A Phiri, lole yomaliza ikubwera Lachisanu. Mukaiphonya, bwana akuti nyumbayi alowamo wina."

Bambo osadzutsa mutu anati, "Ine sinditumiza zinyalala."

Amayi anati, "Bambo a Fatsani, anawa adya ukatswiri wanuwo? Tikagona kuti?"

Bambo anawathamangitsa amayi m'chigafamo ngati nkhuku. Chibadwire sindinaonepo bambo akukalipira amayi chotero.

Tsono ine ndisaname m'nyumba ya Mulungu. Sindinaganize zopulumutsa banja. Ndinkafuna kuseka basi. Bambo anali ndi milu iwiri, kumanja ndindi zokhoza, kumanzere zoti amasulenso. Tsiku lina nditaweruka kusukulu ndinapeza apita kumjigo kukasamba m'maso. Ndinasinthanitsa milu ija. Atabwerako ananyamula ndindi imene anaikana m'mawa, n'kuiyamikira, "Ehe, iyi ndiye ntchito." Zokhoza zija anazimasula zonse akung'ung'udza. Ine kuseri kwa chigafa nthiti kuwawa.

Mawa lake ndinatero. Mkuja wake ndinatero. Osazindikira. Inenso luso linkakula, paja ndine mwana wawo, zanga za lero ziyenera kuposa za dzulo.

Lachitatu ndinasolola ulusi wofiira pa juzi yanga yasukulu n'kuukulunga pa ndindi yapamwamba penipeni. Chinthu chachilendo mu fodya ndi chimene bambo amadana nacho kuposa tchimo. Ndinaitana ndi mlongo wanga wamng'ono kuti adzaone momwe adumphire.

Sanadumphe. Anainyamula ndindi ija, kuifikitsa pamphuno penipeni, kuitembenuza, n'kuiika kumanja.

Mlongo wanga anati, "Ababa, nanga ulusiwo?"

Iwo anati, "Ulusi uti?"

Abale, ulusi uti. Unali wofiira ngati magazi, ukulendewera pachala pawo. Kuseka kwanga kunathera pomwepo. Amayi, amene anali pakhomo ndi tsache, analowa n'kukhala pansi pafupi nawo. Anafunsa motsitsa mawu, "Zayamba liti?"

Bambo anati, "Chaka chatha. Ndimaona ngati utsi. Ndimati ndikalimbikira utha."

Munthu anazunza dzanja lake chaka chathunthu, pomwe dzanjalo linalibe mlandu. Ndiye ndi kulimbikira kotani kumene kukanachotsa utsi umenewo?

Amayi anapita kukauza matenanti anzathu, ena mwa inu muli muno. Munasiya zanu n'kudzakhala m'chigafa chathu masiku awiri aja, kusankha ndi kudinda mabelo. Bambo anakhala panja pa mpando, manja ali pamaondo, akumva anthu ena akugwira fodya wawo. Lole inanyamula amene anatsala. Anali wochepa. Nyumba sitinachotsedwemo, koma chimanga chaka chino sichifika Januwale, zimenezo tikuzidziwa kale.

Kuchipatala cha paboma anati ndi ng'ala, maso onse awiri. Lamanzere anapanga opaleshoni. Lamanja likudikirabe, muzilipempherera.

Mukufuna kumva za chilango, ndakuonani amayi apo mukugwedeza mutu. Tsiku la ulusi lomwelo bambo, atadziwa kuti ndinaukulunga ndine, anathyola kamtengo kuti andikwapule, koma anakwapula nsanamira ya chigafa. Anandiuza kuti, "Usunge, ndidzakupeza." Atawamatula bandeji n'kufika kunyumba, anayang'ana amayi, anayang'ana mlongo wanga, kenako anati, "Uja ali kuti?" Kamtengo kanali komweko, anakasunga padenga.

Abusa, sanaphonye ngakhale kamodzi. Chikwapu chilichonse chinkatera pamene chinzake chatera, mwaukatswiri. Ndipamene ndinadziwa kuti achiradi. Ndinalira, inde, koma ndinkasekanso, mpaka iwo anasiya n'kundifunsa ngati mutu wanga ukuyenda bwino.

Ndikuthokoza Mulungu amene anagwiritsa ntchito mwana wopulupudza ndi juzi yothothoka. Ndikuthokoza inu amene munadinda mabelo athu. Bambo akundiyang'ana ndi diso latsopanolo, ndikudziwa kuti tikakambirana kunyumba. Palibe kanthu. Imirirani mukondwere nane, ine kukhala pansi kukundivutabe pang'ono. Ameni.