Bambo Edson Nampinga ndi Kamgolo Kawo

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1913 ku Thekerani, makolo awo atangowoloka Ruo kuchokera ku dziko la Apwitikizi. Dzina lawo ndi bambo Edson Nampinga. Anabadwa anayi, amuna awiri: iwo ndi mng'ono wawo, bambo Yesaya.

Sukulu anaphunzira ya mishoni mpaka Sitandade 3. Atasiya, anaphunzira kukhoma zidebe kwa amalume awo. M'chaka cha 1936 anamanga banja ndi mayi Marita a kwa Nchilamwela, amene mukuwaona pafupi ndi bokosipo.

Mu 1941 analembedwa ntchito pa fakitale ya tiyi ya esiteti ino ngati mmisiri wa malata. Njala ya 1949 itavuta kumudzi, anaitana bambo Yesaya, nawapezera malo pa fakitale yomweyo.

Mu 1952 kampani inabweretsa mgolo waukulu wachitsulo wosakanizira tiyi asanalowe m'mabokosi. Mgolowo unkazungulira bwino, koma sunkasakaniza. Tiyi wosalala ankatsalira pansi, wokhakhala pamwamba, ndipo ogula anayamba kudandaula. Kuimitsa mgolo kuti auyese kukanaimitsa fakitale yonse. Choncho injiniya wa pano anagwirizana ndi malemu kuti apange wina waung'ono wofanana nawo. Injiniya ankawerengera miyeso, malemu ankakhoma.

Ambiri a inu munakaona kamgoloko. Kanali kotalika ngati mkono, mbali imodzi galasi, chopukusira chake pedulo ya njinga. Ankathiramo tiyi pamodzi ndi utuchi wonyika mu utoto wofiira, n'kumapukusa akuyang'ana pagalasi kuti aone kumene utuchiwo ukupita. Anapeza kuti kakang'ono kayenera kuzungulira mofulumira kuti kachite monga waukulu uja. Mapiko achitsulo a m'kati anawasintha kambirimbiri, ena opindika, ena oongoka, kufikira utuchi unamwazika ponseponse. Mu 1954 mapiko otero anaikidwa mu mgolo waukulu. Tiyi anasakanizika. Madandaulo anatha.

Pa 17 Febuluwale 1955, m'mawa, shafiti, chitsulo chimene mgolo umazungulirapo, inathyoka. Mapiko atsopano aja ankanyamula tiyi wambiri mbali imodzi, ndipo chitsulocho chinatopa. Mgolo unagwa. Amene anali pansi pake akutsegula thumba anali bambo Yesaya.

Palibe amene analoza chala malemu, ngakhale mayi Lestina, mkazi wa bambo Yesaya. Pamaliro a mng'ono wawoyo, bambo Edson sanalire. Anakumba nawo manda ngati adzukulu, anthu akuwaletsa. Kwa mayi Marita anangonena mawu awa: “Kakang'ono kaja kanandiuza za tiyi. Za chitsulo sikanandiuze.”

Sabata yotsatira anabwerera ku ntchito, napempha injiniya kuti apange kamgolo kena. M'menemo ankathiramo mchenga wonyowa kuti kalemere, n'kuikamo timashafiti towonda, ndi kupukusa mpaka kashafiti kathyoke. Kakathyoka ankaika kena kokulirapo. Anzawo akuti ankadya chamasana ataimirira, dzanja lina lili pa pedulo. Chaka chisanathe anapeza kukula koyenera, ndipo shafiti yatsopano inasulidwa motsatira muyeso umenewo. Mpaka lero sinathyoke. Uthenga utafika kuti mgolo wayambanso kuyenda, malemu anapita kunyumba osakauona.

Chaka chomwecho anamanga nyumba ina pambali pa yawo, natenga mayi Lestina ndi ana. Kwaya ya kutchalitchi, imene ankaimbamo besi, anaisiya. Ankapemphera ndithu, koma atakhala kumbuyo.

Chifuwa chinawayamba mu 1959. Madokotala a chipatala cha mishoni anati ndi fumbi la tiyi. Anapuma ntchito mu Disembala 1960. Mwezi watha anagonekedwa, ndipo Lachiwiri pa 8 Ogasiti 1961, dzuwa likupendeka, anatisiya. Mayi Marita anali pomwepo. Akuti sanasiye mawu alionse. Anapempha madzi, anamwa, anagona.

A kubanja akuthokoza abusa ndi akulu a mpingo, amayi a Mvano amene agona pano masiku onsewa, adzukulu, amfumu potipatsa malo, a kampani chifukwa cha matabwa ndi lole, ndiponso anzawo a ku fakitale amene akhoma bokosili ndi manja awo. Ena mwa iwo sanabwere chifukwa fakitale siima. Atumiza chipepeso.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Marita, alongo awo awiri, mlamu wawo mayi Lestina ndi zidzukulu zisanu. Pokonza mbiriyi tinati tinene kuti asiya ana anayi obereka okha ndi atatu a mng'ono wawo. Mayi Lestina anatikaniza. Anati tisawagawe. Choncho malemu asiya ana asanu ndi awiri.

Bambo Nampinga, ntchito mwaweruka. Mzimu wanu uuse mumtendere.