Mphete ya giya folo

Pa Balaka palibe amene ankandiposa kunenerera mtengo. M'zaka zija za makhadi a chipani, ndinagula kagalimoto kaliwiro, ka mipando iwiri, kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Vuto lake linali limodzi: ndikaponya giya thu, kankakukuta mano.

Amakanika atatsegula giyabokosi, ndinasuzumira mpaka mphuno kuda ndi oyilo. Ndinaona mphete zamkuwa zonga zibangili.

"Izi zimanyengerera giya kuti ilowe mwaulemu," anatero. "Ya thuyi yaperepeseka. Yatsopano tiyitanitse ku Joni."

Atatchula mtengo, ndinalira ngati wamasiye mpaka anaudula pakati. "Chabwino achimwene, mtengo umenewo ulinso ndi ntchito yake," anatero amakanikawo.

Mawa lake thu inalowa ngati batala. Koma pa tala wopita ku Liwonde, nditaponya folo, khwee! Ndinabwerera ndikufuka utsi.

"Ku Joni sindinatumeko, iyayi," anandiyankha. "Ndangosinthanitsa, ya folo ku thu, yakuthayo ku folo. Nanga msewu wamaenje wakwanu ku Nselema uja, folo mukaiponya pati?"

Zoonadi, mpaka kagalimotoko kanafa, folo sindinaifunenso. Omvera anzanga, anapambana ndani pamenepa?