Mipando Yobwereka

Pamzere wolandirira chakudya cha osauka, mayi wamasiye wochapa zovala za anthu anaima kumbuyo kwa mlonda wokalamba, m'manja mulibe khadi.

"Khadi lanu lili kuti, mayi?" anafunsa mlondayo.

"Anandifufuta m'kaundula, bambo. Ndabwera kudzadandaula. Ana anga atatu agona ndi njala kawiri."

"Munalakwanji?"

"Nditamva kuti oyendera m'makomo akubwera, ndinabwereka mipando iwiri ndi nsalu ya patebulo. Alendo n'kukhala pansi? Iwo analemba kuti sindine wosauka."

"Ogo! Kwathu tsiku limenelo bedi ndi wailesi zinakacheza kwa mlamu."

"Kumeneko ndi kuba, bambo. Mulungu amaona."

"Wakuba ndi uja wagalimoto amene analandira nyumba ziwiri za osauka n'kuikamo anthu olipira lendi. Ine ndinangouvula umphawi wanga, poti anthu aja sauzindikira ukavala. Mulungu amaona, inde, koma cholembera chili ndi iwo. Akadzabweranso, mukabise ndi ketulo yomwe."

Mayiyo anasendera pafupi ndi mlondayo.

"Nanga buku la nyimbo la malemu bambo awo ana, nalonso ndibise?"

"Limenelo lisiyeni poyera, mayi. Saliona n'komwe."