Nsalu Zoyera pa Mipesa ya Bambo Khuyen

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1971 m'mudzi muno, m'mbali mwa mtsinje wa Dinh. Dzina lawo ndi a Lu Van Khuyen. Ndikuwerengane ndine Gam, mwana wawo wachiwiri. Amayenera kuima pano ndi bambo aang'ono, a Thoai, koma amayi akana, ndipo chifukwa chake muchimva.

Sukulu anayamba mu 1978 n'kulekezera kalasi yachinayi. Iwo ankati unali umphawi, koma azakhali anandinong'oneza kuti anaika nalimata m'chikwama cha aphunzitsi.

Mu 1996 anakwatira mayi Dam Thi Nhuan, omwe ankagulitsa msuzi wa nsomba pamsika wa Phan Rang. Akuti anagula mabotolo okwanira mudzi wonse asanalimbe mtima kuwafunsira.

Chaka chomwecho anadzala mipesa. Nonse mukudziwa kuti kuno vinyo amamvera nyengo. Mphesa zokhwima ndi dzuwa la Epulo zimatsekemera, vinyo wake amachita kukanirira pa lilime. Zokhwima m'mvula ya Okutobala zimang'ambika, vinyo wake ndi wowawasa. Anzawo amakolola katatu pachaka, koma malemu kawiri basi. Ankadikira mvula ithe, mphepo yakumpoto iumitse munda, ndiye n'kudulira nthambi. Vinyo wa mvula ankamutcha mkodzo wa mbuzi, ndipo anatero mokweza paukwati wa a Thoai, kapu ili m'manja. Enanu munalipo, musayang'ane pansi.

Mu Novembala 2010 madzi osefukira anagwetsa thandala lonse la mipesa. Analiimikanso okha, mtengo umodziumodzi.

Anayamba kudwala chifuwa mu Juni chaka chino. Anagonekedwa kuchipatala, koma kumeneko ankangofunsa obwera kudzawaona ngati kumudzi kukugwabe mvula. Atisiya pa 14 Disembala, mphepo yakumpoto itangoyamba.

Mwambo wathu mumaudziwa. Mwini munda akamwalira, mitengo yake imamangidwa nsalu yoyera ngati yomwe tavala kumutuyi, apo ayi imafota ndi chisoni n'kumutsatira. Dzulo a Thoai anauza azimayi ong'amba nsalu za maliro kuti mipesa asaiwerengere. Anati mkazi wamasiye ndi tiasungwana tiwiri sitingathe munda wamphesa, bola uzulidwe padzalidwe masawu. Ankayesa ndili kutali, chonsecho ndinali kuseri kwa mitsuko ya vinyo.

M'mawa uno amayi, achemwali anga a Lua ndi ine tamanga mpesa uliwonse. Nsalu itatha tinang'amba malaya anga a sukulu, ndiye aphunzitsi mundikhululukire Lolemba. Mzere womaliza wavala makatani a pabalaza.

Malemu asiya mkazi, ana awiri, mlongo wawo, ndi mng'ono wawo a Thoai. Tikuthokoza amonke omwe apemphera, anansi omwe abweretsa mpunga ndi mipando, ndi amayi omwe anatibwereka sizasi osafunsa funso.

Tikaika maliro, mawa lake tikudulira nthambi. Tikachedwa, mphesa zidzakhwimira m'mvula ya Meyi. Amene ali ndi sizasi abwere nayo dzuwa lisanakwere. Bambo aang'ono, nanunso mzere wanu ulipo, makwerero tikugwirirani.

Bambo, usani mumtendere. Mundawu suzulidwa.