Sanadye feteleza wa munthu

Mafumu, abusa, akulu a mpingo ndi nonse amene mwabwera, mundikhululukire. Ndikudziwa kuti namfedwa sawerenga mbiri, amakhala m'nyumba n'kumalira. Alamu anga a Micheal analemba yawo, yabwinobwino, koma chimene chinafooketsa amuna anga mulibemo. Ndiye ndalemba ndekha, ndi sukulu yanga yolekera sitandade 6. Amene anaipitsa dzina la malemu ndi a Wyson Muhowa, akhansala athu, amene akhala pampando kutsogoloko. Musachoke a Wyson, ndikufikani.

Malemu a Goliati Nampuluma anabadwa pa 9 Ogasiti 1961 kwa Nazombe, achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Sukulu analekera fomu 2, fizi itasowa. Mu 1982 analowa ntchito ya ukalaliki wa pasikelo ku esiteti ya tiyi ku Mulanje, ndipo n'kumene anatengera matenda olemba chilichonse m'buku. Tinakwatirana mu 1986, anabwera kudzamanga kwathu kuno kwa Chiwalo. Ntchito itatha mu 1999 anangokhala mlimi ngati tonsefe.

Mu 2017 nandolo anatsika mtengo. Matumba anadzaza nyumba, mavenda akutchula mtengo wachipongwe. Malemu anati vuto la mlimi si khasu ayi, koma alibe kobwereka ndalama yobweza pang'onopang'ono kwa zaka, kuti agule pampu yothirira kapena amange posungira mbewu mpaka mtengo ukwere. Mabanki a m'tauni amafuna chikole cha nyumba yokhala ndi mapepala. Ife mapepala a nyumba tiwatenga kuti? Iwo anati dziko likufunika banki ya chitukuko, ya boma, yofika kwa mlimi wamng'ono, ndipo akuluakulu samva munthu mmodzi, amamva gulu. Anagula mabuku a chikuto cholimba ndi inki, nayamba kuyenda panjinga, kudinditsa zala alimi opempha bankiyo.

Zaka zisanu ndi ziwiri anayenda, kwa Jenala, kwa Nazombe, kuno konse. Munthu asanadinde chala ankayamba amuwerengera mawu a pamwamba pa tsamba, kwa achikulire n'kuwamasulira m'Chilomwe. Kumaofesi ankatandala pabenchi, akuuzidwa kuti bwana ali kumsonkhano, bwerani Lachinayi. Lachinayi bwana ali kumaliro. Ankabwera madzulo milomo itauma, n'kunena kuti, "Rozaria, lero zayenda, mlembi walandira kalata." Kalata zimenezo sizinayankhidwe ngakhale imodzi. Ine ndinatopa kale kuposa iwo, ndipo kumunda ndinkalima ndekha.

Mu Malichi 2023, madzi a namondwe atalowa m'mudzi, ine ndinabereka mdzukulu. Iwo anasenza mabuku atawakulunga m'pulasitiki, mbuzi zathu n'kupita ndi madzi. Ndinawatukwana tsiku limenelo, sindibisa. Anangoti mbuzi tidzagula zina, koma ena amene anadinda m'mabukumu madzi awatenga, sadzadindanso.

Mu 2025, nthawi ya kampeni, a Wyson anabwera kwathu. Anakhala pamkeka, anadya chinangwa changa. Anati, "Achimwene, mwavutika mokwanira. Ndipatseni mabukuwa, ndili ndi anthu ku Lilongwe, akafika m'manja mwa aphungu." Malemu anapereka onse asanu. Sabata isanathe, pamsonkhano wa pabwalo la mpira, a Wyson anakweza mabuku omwewo m'mwamba n'kunena kuti aliyense amene chala chake chili umu adzalandira feteleza akangopambana. Munaomba m'manja. Kuno tinazolowera kuti chala timadinda tikamalandira chinthu, ndiye munaiwala zimene anakuwerengerani zija. Malemu anayesa kuimirira kuti akonze, zokuzira mawu zinawaphimba.

A Wyson anapambana. Mvula inagwa, feteleza osaoneka. Kwa akhansala simunapite, munaopa. Munabwera pakhomo panga, poti amene anakugwirani chala n'kuchiika pa inki anali a Goliati. Munati agulitsa mayina anu, feteleza adya okha. Ana ankawakuwa m'njira kuti "a Makuponi". Kumpingo munawapumitsa paudindo kuti nkhani iyambe yaunikidwa, mpaka lero ikuunikidwabe. Anapita kwa a Wyson kanayi kukapempha mabuku, kanayi konse anauzidwa kuti bwana achokapo, galimoto ili pakhomo. Atabwerako ulendo wachinayi anakoleka njinga kudenga, sanaitsitsenso.

Pa 11 Januwale 2026 anagwa kuseri kwa nyumba, mbali imodzi inauma. Kuchipatala anayesetsa, tikuthokoza. Pakamwa panapotoka, mawu sankamveka, koma aliyense wobwera kudzawaona ankamugwira dzanja n'kumapukusa mutu. Ine ndikudziwa chimene ankakana. Anatisiya Lachiwiri pa 3 Febuluwale m'mawa, ali ndi zaka 64. Sindikunena kuti munawapha, a Wyson. Matenda othamanga magazi anali nawo kale. Koma munthu amadwala mosiyana akakhala kuti anthu akumupatsa moni.

Malemu asiya ine mkazi wawo, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi zinayi, ndi achemwali awo awiri. Ndikuthokoza adzukulu okumba manda, amayi amene aphika, akwaya, ndi mayi Aliness a nyumba yoyandikana ndi yathu, okhawo amene sanasiye kulowa pakhomo pathu. A Goliati, mwayenda kokwanira. Mzimu wanu uuse mumtendere.

Banki ija kaya idzabwera kaya siidzabwera, ine ndatopa, ndilibe nayo mphamvu. Koma ana angawa atsala ndi dzina la bambo awo, ndipo mawa akayenda nalo kumsika. Sindilola kuti munthu wanga alowe m'manda ali wakuba. Adzukulu, bokosilo musaligwire kaye. A Wyson, imirirani. Anthu amene munawalonjeza ndi omwewa, onse alipo. Auzeni kuti mabuku aja anali a chiyani. Auzeni ngati a Goliati analandirapo ngakhale thumba limodzi la feteleza. Ndipo mundiuze ine kuti mabukuwo ali kuti, anafika ku Lilongwe kapena akudyedwa ndi chiswe kwanu. Dzuwa likutentha, anthu aima nthawi yaitali. Yankhani, tinyamule maliro.