Lamba Mmodzi, Bambo ndi Mwana

Malemu achimwene athu anabadwa pa 9 Ogasiti 1951, oyamba m'banja la ana asanu. Dzina la pachiphaso anasiyira a boma. Enafe tinkawadziwa kuti a Chipupa, chifukwa wowamenya ndiye ankayamba kumva kuwawa.

Anayamba sukulu mu 1959 n'kuilekeza mu 1967, ndipo aphunzitsi sanadandaule. Chaka chotsatira analembedwa ntchito yoyeza matumba pa sikelo ya m'nyumba yosungiramo katundu. Kuseri kwa nyumbayo ndi kumene anapachika thumba lawo lamchenga lophunzirirapo nkhonya.

Mu 1974 anamanga banja ndi mayi akhala apawa. Mu 1976 anatenga lamba wa nkhonya wa gulu la olemera pakatikati, osapitirira makilo 72 ndi theka, ndipo anakhala naye zaka zisanu. Holo imene ankamenyeramo, ife obwera dzana titakalambira kunja taipeza akugulitsiramo matiresi. Mwina n'zoyenera, poti ambiri anagonekedwamo kale.

Mu 2003 mwana wawo wachisamba, amene mumamutcha Namzeze, anatenga lamba yemweyo. Mkangano unabadwa tsiku lomwelo n'kukakulira m'shopu ya wometa: bambo a mu 1976 ndi mwana wa mu 2003 atakumana pakati pa zingwe, angagwe ndani? Achikulire ankati kale kunali maraundi khumi ndi asanu, ndipo munthu ankakwera sikelo m'mawa wa tsiku la nkhonya, osati dzulo lake kuti apeze mpata womeza ng'ombe yathunthu. Achinyamata ankati chipupa sichinagwirepo mbalame. Wometa ankavomerezana ndi aliyense amene wakhala pampando.

Namzeze analibe nazo ntchito za m'shopu. Bambo ake anali asanamuyamikirepo. Ngakhale apambane chotani, ankangomuuza kuti dzanja lamanzere likugwa. Iye ankafuna kumva kwa eniake. Malemu anamulonjeza pamaso pa mayi ake kuti adzamuuza wopambana, koma akadzabwerera pa thupi lawo lakale, popeza munthu wa mimba ngati mtsuko saweruza za akatswiri. Apo n'kuti ali ndi makilo 95.

Zaka zinadutsa, thupi osamva. Anapuma ntchito mu 2011, koma alonda ankawalolabe kukaima pa sikelo ya matumba Lolemba lililonse.

Kumapeto kwa chaka chatha thupi linayamba kutsika lokha. Wina akanathamangira kuchipatala. Iwo anakagula nsapato zothamangira. Mayi akadandaula kuti chakudya chikubwerera m'mbale, ankawayankha kuti katswiri akamakonzekera sadya ngati mlendo. Mwana naye, wokulira pa sikelo ngati bambo ake, ankawaperekeza Lolemba, akumwetulira. Pa nyumba ya akatswiri awiri panalibe woona kuonda ngati matenda.

Mu Febuluwale chaka chino anafika pa 72 ndi theka, ndipo anati yankho lidikire kaye kuti thupi likhazikike. Silinakhazikike. Pofika Meyi, Namzeze anachita kuwanyamula m'manja kupita nawo kuchipatala, kumene madokotala anapeza khansa ya m'mimba itayanga kale. Anatisiya pa 14 Juni.

Malemu asiya mkazi, ana anayi, adzukulu asanu ndi awiri, ndi ife ang'ono awo awiri. M'malo mwa banja tikuthokoza anamwino amene anapirira wodwala wofunsa sikelo asanafunse mankhwala, alonda a kuntchito kwawo, wometa amene anawatsatira ndi lumo mpaka kuchipatala, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzatikhalitsa. Mzimu wa achimwene uuse mumtendere.

Namzeze anakhala pambali pa bedi mpaka mapeto. Za wopambana, bambo ake sanamuuze.