Pijo Yopanda Hita

— Halo?

— Halo, a Zangaphee? Ndine Dunstan.

— Aaa, akulu! Mukudzitchula ngati a kubanki bwanji? Nambala yanu ndili nayo. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera, kaya inu?

— Ndaswera ndithu, kuzizira kokhaku. Makutuwa sindikudziwa ngati akadalipo.

— Kunyumba ali bwanji? Mayi Winifred? Ana?

— Onse ali bwino. Ana akungotha magetsi. Nanga alamu anga, mayi Vainess, agona bwanji kuchipatalako?

— Akuyesera. Mwana wanga Tisunge ali nawo konko. Ukamufunsa mwana ameneyu amangoti "she's awright, Da", ati ali bwino, basi nkhani yatha.

— Ana akuno ndi choncho.

— Muli pati? Kukumveka phokoso.

— M'sitima. Ndachoka ku Easterhouse, ndikupita ku Partick kuntchito. Tikalowa pansi paja ikadula musati ndakuthawani.

— Chabwino, ndifulumire. Inu ndinu injiniya, mundithandize maganizo. Nkhani ndi Pijo ija.

— 404 ya apongozi anu? Yatani? Si munaimaliza mu Ogasiti? Tonse tinaijambula patchalitchi, mpaka abusa kukhala pachiwongolero.

— Ikuyenda bwinobwino. Koma ilibe hita.

— Hita yafa?

— Ayi, ilibe. Mulibemo.

— Akulu, ine ndinaona ndi maso anga padashibodi, kandodo kaja kolozera kofiira ndi kobuluwu.

— Kandodoko kalipo, ndinakapukuta ndekha mpaka kuwala. Kuseri kwake kulibe kanthu. M'mawa uno ndalowetsa mutu pansi pa dashibodi ndi tochi, ndapeza bowo lokhalokha ndi kawaya kolendewera.

— Iii! Amakaniko akwathu!

— Ndawayimbira alamu anga ku Limbe. Akuti kalekale inkadontheza madzi pamapazi, ndiye makaniko anaizula, n'kuwotcherera potulukira mapaipi. Anati ku Malawi hita njachani.

— Sanalakwe munthuyo. Anadziwa bwanji kuti Pijo idzakwera kontena kupita ku Scotland?

— Bokosi lake akuti ankasungiramo misomali mpaka linachita dzimbiri.

— Koma inuyo zaka zonsezi m'galaja ku Springburn, mabawuti onse mukuwadziwa mayina, simunaone?

— Ndikanaona bwanji chinthu choti palibe? Kwathu ndani anakokapo kandodo ka hita? Bola zenera lizitseguka. Ndiponso kuno ndinkangoitulutsa dzuwa likawala.

— Ndiye mukuifuniranji mu Januwale muno? Galimoto ngati zimenezi azungu amazifundika bulangete mpaka Epulo.

— Loweruka. Ndinawalonjeza mayi a Tisunge kuti Loweruka ndikawatenga kuchipatala tizungulireko pang'ono. Inatinyamula tsiku la ukwati wathu ku Zomba galimoto imeneyi, bambo awo akuyendetsa okha. Chithereni kukonzedwa sanakweremo. Nthawi imene ndinkamaliza n'kuti matenda atawagwira kale.

— Mmm.

— Dzulo ndinaiyesa. Ayisi wakunja ndinapala ndi khadi la kubanki. Ndisanafike pamaloboti, galasi lonse nthunzi mkati. Ndipukute ndi chipewa, nthunziyo n'kuuma kukhala ayisi. Mpweya wanga womwe, achimwene, kuuma pagalasi ndikuona! Ndinabwerera mutu uli kunja kwa zenera ngati kondakitala wa minibasi.

— Mudzapha anthu, akulu.

— Neba wanga Norman akuti ndidule mbatatesi ndipake pagalasi, ankatero bambo ake.

— Ndiye munapaka?

— Ndinapaka. Msewu wonse unkaoneka ngati phala.

— Hahaha! Pepani, sindikuseka inu. Madzi otentha okha musayerekeze, galasi lakalelo lingophulika tizidutswa ngati shuga, ndipo lina simulipeza msanga.

— Ketulo ndinainyamula kale, Norman yemweyo ndi amene anandilanda. Tsono tandiuzani, tihita tija tolumikiza kubatire, tapaintaneti, tofika mawa lomwe?

— Zidole zimenezo. Kutentha kwake ngati mwana akukupumira m'khutu. Kangasungunule kabowo konga ndalama yachitsulo pagalasi, basi. Ndipo Pijo yanuyo ili ndi dainamo, eti? Simunaike olitaneta yotchaja batire mwamphamvu?

— Ndinafuna zonse zikhale mmene zinalili.

— Ndiye muyatse magetsi, mawaipa, kahitako, batire ithera panjira. Muima pakati pa msewu ndi wodwala m'galimoto.

— Nanga ya dizilo ija, amaika m'mavani ogonamo?

— Imeneyo imatenthadi. Koma muyenera kuboola pansi pa galimoto potulutsira utsi, kuika kathanki ka dizilo m'buti...

— Ndiboola. Lero lomwe ndiboola.

— Dikirani. Alamu ali pa oksijeni, si choncho?

— Ali nalo botolo, inde. Laling'ono, lonyamula.

— Ndiye chinthu choyaka moto mkati, botolo la oksijeni pambali, woika wake inuyo mothamanga... tikulo... pansi...

— Halo? A Zangaphee? Mukuduladula.

— ...kundimva?

— Halo?

— Ee, ndabwera. Tinali pansi. Ndimati utsi ukangolowa pang'ono, inu simumva kanthu, koma mapapo awo aja sangapirire. Manesi sangalole, ndipo ine sindingakuthandizeni kuika.

— Galasi lamawaya lija, lotentha lokha ngati la magalimoto atsopano?

— La 404? Mpaka akupangireni mwapadera. Miyezi. Komanso limatenthetsa galasi, osati munthu.

— Mabotolo a madzi otentha. Mabulangete atatu, anayi. Ndiwakulunge bwinobwino.

— Thupi mukulunga, nanga mpweya wopumawo? Mukatseka mawindo simuona msewu, mukatsegula mwawalowetsera chisanu pachifuwa.

— Ndiye palibe? Inu sukulu yonse ija, palibe?

— Njira yeniyeni ilipo imodzi. Kugula bokosi la hita latsopano, lotenga madzi otentha a muinjini, la fani yake ndi timapaipi topita kugalasi. Kutsegula pamene anawotcherera paja, kapena kudula paipi ya rediyeta n'kulumikiza. Zikatero mwapeza zonse, kufunda ndi kuona.

— Eya! Imeneyo!

— Koma iyitanitsidwe, ifike, tiyeze, tipange zogwirira, tione ngati sikudontha. Tikapeza kuti pamutu pa injini anaonongapo, mutuwo utsike. Ndi masabata, akulu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

— Masabata ndilibe.

— Tengani yanga. Mipando yake imatentha yokha. Ndikubweretserani Lachisanu, yotsukatsuka.

— Zikomo, koma sikuti akufuna kupita kwinakwake. Akufuna Pijo. Fungo la mipando ija, kulira kwa chitseko chija. Amati akatseka maso amamva bambo awo akusintha giya pachiwongolero.

— Ndikumva.

— Simukumva. Achimwene, kumene ali kuja si chipatala chochiza. Anawasamutsa. Ndi kuja amangokuchepetsera ululu. Kutchalitchi sindinanene, ndinangoti tipitirize kupemphera. Dokotala anandiitanira m'kachipinda ka maluwa apulasitiki, n'kundiuza kuti ngati pali chimene tikufuna kuchita, tichite tsopano.

— Ndikudziwa, akulu.

— Mukudziwa?

— Winifred anali konko dzulo. Anapita ndi phala la mpunga.

— Sanandiuze Tisunge.

— Mwaonana naye liti Tisunge?

— Timalemberana pafoni.

— Nanga kuchipatalako mwapitako liti?

— Ndimapita. Ndinapita Lamulungu.

— Lero ndi Lachitatu.

— Ndiye ndikonze nthawi yanji galimotoyi? Kukuda folo koloko kuno, m'galaja mulibe magetsi abwino, zala zimauma...

— Muli m'galaja panopa?

— Ndili m'Pijomo. Ndakhala pampando.

— Akulu, pali uthenga wanu. Ndakhala nawo chigonere, ndimasowa poyambira. Mutayimba ndinati mwina Mulungu wandipeputsira, koma mwayamba ndi za hita, ine n'kumangoyankha za hita ngati chitsiru.

— Uthenga wanji?

— Alamu anamuuza Winifred kuti, "Mukawauze bambo a Tisunge asiye galimoto."

— Sanganene choncho.

— Anatero. Akuti ngakhale kukhala tsonga pabedi sakutha. Manesi akawadzutsa pang'ono, mutu ukuzungulira. Loweruka sangakwere galimoto iliyonse, yanga kaya yanu, ya hita kaya yopanda hita.

— Lamulungu anandifunsa okha! Anati, "Pijo ili bwanji?" Akumwetulira!

— Akuti amafunsa chifukwa ndi nkhani yokhayo imene mumayankha mutawayang'ana kumaso. Zina zonse mumayankha mukuyang'ana pansi, kenako mwaimirira, mwati mukukagula sipeya.

— Ayi.

— Mawu ake ndi amenewo, sindikuwonjezera. Anati, "Ine ndinakwatiwa ndi Dunstan. Abwere adzangokhala pampandopa, ngakhale asalankhule."

— Vainess...

— Halo? Akulu? Yadula?

— Ndilipo.

— Pepani. Ndikanatha kunena bwino kuposa apa.

— Mukudziwa, Zangaphee, ndikalowa m'chipinda muja ndimasowa poika manja. Kuno ndikagwira sipanala ndimadziwa chochita. Chikavuta ndimamasula, ndimatsuka, ndimabwezera, chimayenda. Kuja ndimasule chiyani? Vainess watha, achimwene. Mkono wake ngati bango. Ndikuopa. Ndikuopa zedi.

— Aliyense angaope.

— Ndipo ndikapita wopanda galimoto ndiye kuti ndavomera. Bola ndikamakonza, Loweruka likadalipo.

— Loweruka lilipo kwa inu ndi ine. Kwa iwo tilibe chitsimikizo. Tsekani galajayo, kwerani basi. Ndikatsika pa Partick ndiwauza akuntchito kuti sindibwera, tikumane konko.

— Tsono titaikokera pakhomo pa chipatalapo, n'kulumikiza hita yamagetsi ya m'nyumba ndi chingwe chachitali, iwo n'kungowanyamula pa wilitcheya, akhalemo mphindi zochepa, osayenda...

— Akulu.

— Osayenda, ndikuti! Ingoima! Oksijeni tiika patali ndi hita, manesi aone okha...

— Sakutha kukhala tsonga. Mwandimva?

— Chabwino, mpando wakutsogolo umagona. Ndinaukonza ndekha, umagona mpaka... Dikirani. Foni ikulira kwina.

— Ndani?

— Tisunge.

— Yankhani.

— Sayimba mwana ameneyu. Amangolemba. Chiyambire sanandiyimbirepo masana.

— Ndiye yankhani, akulu!

— Yasiya. Mwina anangokhudza mwangozi. Tandiuzani kaye, bokosi lija mumati lotenga madzi a muinjini, amagulitsa kuti? Ndikalipira zoti lifike mawa...

— A Dunstan.

— Ikuliranso. Ndi yemweyo.

— Yankhani mwanayo. Ali yekha kumeneko.

— Sindingathe. Khalani kaye palayini, achimwene, chonde. Tingomaliza za hitayi. Mwati paipi ya rediyeta tidule pati?

— Ndikudula foni, akulu. Mundikhululukire. Ndikudula kuti muyankhe.

— Ayi, dikirani, musadule, mungondiuza paipiyo, yapamwamba kapena yapansi... Zangaphee? Halo? Zangaphee!